Amakonda Mpira

Mneni wa Chingerezi ndi mmphawi. Tengani mawu akuti "walk", kuyenda, muwatembenuze mmene mungathere. Mupeza maonekedwe anayi okha: "walk", "walks", "walked", "walking". Basi, chuma chake chathera pomwepo. Aneni ena osamva malamulo, monga "eat" ndi "go", amafika pa asanu, ndipo "be" yekha ndiye mpondamatiki wa m'mudzimo chifukwa ali ndi asanu ndi atatu. Tsopano ikani pambali pake mneni wathu: ndikuyenda, ndayenda, ndinayenda, ndidayenda, ndimayenda, ndinkayenda, ndiyenda, ndidzayenda, ndiziyenda, ndikayenda, ndikadayenda, ndikadzangoyenda. Mpweya utha mndandanda usanathe. Ife nthawi timaimangirira m'kati mwa mneni momwemo, monga amachitira agogo ndi ndalama pansonga ya chitenje. Angerezi nthawi yawo yambiri amaisenzetsa timawu tothandizira timene timayenda patsogolo pa mneni ngati ana otumidwa: "have", "be", "will".

Komabe aliyense amene anakhalapo pa desiki ya sukulu ya sekondale kwathu kuno akukumbukira tebulo la mabokosi 12. Aphunzitsi ankalijambula pabolodi ndi rula yaitali. Pamwamba ankalemba kale, tsopano ndi m'tsogolo; m'mbali n'kulemba "simple", "continuous", "perfect" ndi "perfect continuous". Ife n'kumaloweza ngati mavesi a Sande sukulu. M'bokosi lomaliza kumunsi munkagona chilombo chotchedwa "future perfect continuous", cha ziganizo ngati "I will have been walking". Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikudyera ntchito yomasulira, chilombochi ndakumana nacho maulendo osakwana zala za dzanja limodzi.

Tebulolo sindikulinyoza, linatiwolotsa pamayeso. Vuto lake n'lakuti limamusiya mwana akuganiza kuti nthawi za aneni a Chingerezi ndi wotchi, yoti ntchito yake ndi kuloza ola limene chinthu chinachitika. Munthu akayamba kumasulira zolemba za anthu enieni, mapangano a lendi, mafomu a kuchipatala, maumboni, amazindikira msanga kuti mneni wa Chingerezi za ola sazilabadira kwenikweni. Zimenezo amasiyira mawu ngati "yesterday" ndi "next year". Iye chidwi chake chili pa woyankhulayo: waima pati, ndipo chinthu chimene akunenacho akuchiona ngati nkhani yotsekeka kapena ngati nkhani imene ikumukokabe malaya.

Mzere wa m'tsogolo uja, mwachitsanzo, ndi wobwereka. Amene anayamba kulemba galamala ya Chingerezi anali anthu okulira m'Chilatini, chiyankhulo chimene mneni wake amasinthadi maonekedwe posonyeza zam'tsogolo. William Bullokar, amene kabuku kake ka mu 1586 kamatengedwa kuti ndiko galamala yoyamba ya Chingerezi yolembedwa m'Chingerezi, anasoka malaya ake potengera muyezo wa Chilatini. Koma si onse amene anagwa nazo. John Wallis, katswiri wa masamu wa ku Oxford, analemba galamala ya Chingerezi mu 1653, m'Chilatini momwemo, ndipo ananena poyera kuti mneni wa chiyankhulo chakwawo ali ndi nthawi ziwiri zokha, yatsopano ndi yakale. Patapita zaka pafupifupi 350, Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'chibuku chawo cha mu 2002 cha masamba oposa 1,800 chotchedwa The Cambridge Grammar of the English Language, anatsindika mfundo imene imadabwitsabe aphunzitsi ambiri: Chingerezi chilibe nthawi yam'tsogolo.

Nanga "will" ndi chiyani? Ndi mneni wakale wotanthauza kufuna. Ndi mawu omwewo amene tinabwereka n'kuwatcha wilo, chikalata chimene munthu amalembamo zofuna zake pa chuma cha masiye. Kufunako sikunachokeretu mpaka lero. Mngerezi akati "The car won't start" sakulosera za mawa. Akunena zomwe makaniko wa ku Ndirande anganene, kuti galimoto ikukana kulira. "Shall" naye anachokera ku mawu a ngongole ndi udindo, ndipo m'zikalata za malamulo akadali pantchito yomweyo. Apa ndi poterera kwa omasulira. Pangano la lendi likati "The tenant shall pay rent on the first day of the month", wina n'kulemba kuti wochita lendi adzalipira pa 1 mwezi uliwonse, ndiye kuti lamulo walisandutsa ulosi. Chikalatacho chikunena kuti munthuyo azilipira, afune asafune.

Mngerezi wofuna kunena za mawa ali ndi njira zingapo, ndipo zonse zimatha kuloza ola limodzi lomwelo. "I will see the doctor tomorrow" ndi munthu amene wangoganiza kumene, mwina mkazi wake atamukalipira za chifuwa chosatha. "I am going to see the doctor tomorrow" ndi amene anaganiza kale, mtima unakhazikika. "I am seeing the doctor tomorrow" ndi amene anakalembetsa, dzina lake lili m'buku la kuchipatala. Ndipo "The doctor arrives at nine tomorrow", m'nthawi yatsopano yeniyeni, ndi zimene zamatidwa pachitseko, zosadalira kufuna kwa munthu. Tsiku ndi lomwelo, 9 koloko ndi yomweyo. Chasintha ndi kuchuluka kwa zingwe zimene zamangidwa kale pakati pa lero ndi mawalo. Chichewa chimafunsa funso lina: kodi n'pafupi kapena n'patali? Ndibwera ndi lero lomwe lino kapena posachedwapa. Ndidzabwera ndi tsiku lina. Mphatikira wathu -dza- anachokera ku mneni kudza, monga momwe "going to" anachokera ku kupita. Ziyankhulo zonse ziwiri zinabwereka miyendo kuti zifike m'tsogolo, china chikupita, china chikudza.

Pano ndipatuke pang'ono. Mlendo wochokera ku London amasokonezeka Mmalawi kapena Mzambia akamuuza kuti "I am coming" kwinaku akutuluka pakhomo, atamufulatira. Ife tikudziwa kuti ameneyo ndi ndikubwera wathu uja wangovala jekete. Ndipo m'bale wathu aliyense amene anakagwirako ntchito ku Johannesburg anaphunzira miyendo itatopa ndi kudikira kuti bwana akati "just now" sakunena za panopa, akunena za nthawi ina yake kutsogoloko, pamene ku London mawu omwewo kawirikawiri amaloza kamphindi kapita kumene.

Nthawi yakale ya Chingerezi ndi imodzi, ndipo ilibe muyezo wa mtunda. "The phone rang" ikhoza kukhala foni imene yalira mphindi imodzi yapitayo. "The Romans invaded Britain" ndi nkhani ya m'chaka cha 43. Mneni ndi wa mtundu umodzimodzi. Kwa ife a kuno kumwera kwa Africa zimenezi n'zachilendo, chifukwa ziyankhulo zathu zambiri zimasiyanitsa kale la lero ndi kale la dzana. Mshona akati "ndaenda" ndiye kuti wapita lero, akati "ndakaenda" ndi tsiku lina m'mbuyomu. Chibemba chimagawa kalelo m'magawo oposa pamenepo. Mngerezi zonsezo amaziponya m'thumba limodzi.

Koma m'thumbamo muli zinanso zimene si zakale n'komwe. "If I had a car" ikunena za lero, kuti galimoto ndilibe. "It is time we left" ikunena za kuchoka kumene sikunachitike. "I wanted to ask you something" amanena ndi munthu amene akufuna kufunsa panopa, waima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja. M'ziganizo zonsezi nthawi yakale ikugwira ntchito yotalikitsa: kutalikitsa mawu ndi zenizeni, kapena kutalikitsa pempho ndi nkhope ya wopemphedwa kuti akafuna kukana akane mosachita manyazi. Ichi chokha sichinandivutepo ndili mwana, pajatu nafenso timatero. Munthu wolowa pakhomo pa eni ake sanena kuti ndikufuna khasu. Amaodira, n'kunena kuti, "Ndimafuna ndibwereke nawo khasu," kapena, "Ndimati ndifunse nawo." Ndimafuna, ndimati: pakamwa zakale, pamene khasulo akulifuna m'mawa womwewo. Kumbali inayo, nthawi yatsopano ya Chingerezi nayo imalimira m'munda wa kale. Mutu wa nkhani m'nyuzipepala umati "Minister dies" ndunayo itagona kale usiku wathunthu m'nyumba yachisoni.

Pali chizolowezi china cha nthawi yakale chimene ndikupempha kuti muchisunge. Mngerezi akamafotokoza zimene wina ananena, amakokera aneni sitepe imodzi m'mbuyo. Mtsikana wanena kuti "I am hungry". Wofotokoza amati "She said she was hungry". Njalayo mwina ikadalipo, mtsikanayo akadali pomwepo akuyasamula, koma "said" wakoka "am" n'kumusandutsa "was". Chichewa sichichita zimenezi. Timati, "Anati ali ndi njala," mawu a mwini wake n'kuwasiya m'nthawi imene anawayankhulira. N'chifukwa chake ana athu amalemba "She said she is hungry", aphunzitsi n'kuzunguliza "is" ndi cholembera chofiira. Chimene aphunzitsi ambiri satchula n'chakuti Chingerezi chimalola ndithu kusiya "is" ngati wofotokozayo akufuna kusonyeza kuti zimene zinanenedwazo zikadali choncho. Kukokera m'mbuyo ndi chizolowezi champhamvu, koma khomo lina lilipo.

Za "continuous" sindichulutsa. "I live in Zomba" ndi kwathu. "I am living in Zomba" ndi kongoyembekezera, katundu wina akadali m'makatoni. N'zofanana ndi ndimakhala ndi ndikukhala. Chosangalatsa n'chakuti mbali imeneyi ya Chingerezi yakula posachedwapa. Ziganizo ngati "The house is being built" zinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo akadaulo ena a galamala a m'zaka za m'ma 1800 ankazinyoza kuti n'zonyansa. Iwo ankafuna kuti munthu wophunzira azinena kuti "The house is building". Ndikamva mnzanga akuti "I am having a headache" ndimakumbukira zimenezi, ndipo cholembera chofiira ndimachigwira mofatsa.

Pamene pagona nkhani ndi pa "present perfect", nthawi ya "have" uja. Poyamba imaoneka ngati mnzathu, chifukwa imafanana ndi -a- wathu: "I have eaten", ndadya, "She has come", wabwera. Koma ili ndi lamulo limodzi louma gwa. Siyendera limodzi ndi mawu otchula nthawi yeniyeni imene inadutsa. Ife timanena bwinobwino kuti wabwera 7 koloko m'mawa. Mngerezi sanganene kuti "She has come at seven this morning", kapena "I have seen him yesterday". Akangotchula ola kapena tsiku, ayenera kuthawira ku "came" ndi "saw". Chodabwitsa n'chakuti Chijeremani ndi Chifalansa, zimene nazo zimaphatikiza mneni wa kukhala ndi chinthu ndi mneni wina mofanana ndi Chingerezi, zimalola dzulo kulowa m'chiganizo chotero popanda vuto. Katswiri wa ziyankhulo Wolfgang Klein analemba nkhani yathunthu mu 1992 yongolimbana ndi funso limeneli, n'kulitcha ndagi.

Amene anandithandiza kuimvetsa ndi Hans Reichenbach, katswiri wa filosofi wa ku Germany amene anathawa ulamuliro wa Hitler n'kukathera ku Los Angeles. M'buku lake la mu 1947 anati pofuna kumvetsa nthawi ya mneni tisamawerenge zinthu ziwiri zokha, nthawi yoyankhula ndi nthawi imene chinthu chinachitika, koma tiwonjezere chachitatu: pamene woyankhulayo waimika maso ake. Mu "I lost my key" maso ali kumbuyo, pa tsiku lotaya kiyilo. Mwina kiyiyo anapezeka, chiganizocho sichikunena. Mu "I have lost my key" kutayako n'kwakale ndithu, koma maso ali pano, pa chitseko chokhoma ndi munthu amene waima panja. N'chifukwa chake "yesterday" sangalowemo. Simungaimike maso pa lero ndi pa dzulo nthawi imodzi.

Mfundo yachitatuyi ndi imenenso imafotokoza "had". Mboni m'khoti ikati "When the police arrived, the man left", ndiye kuti apolisi anamupeza, iye n'kunyamuka iwo atafika. Ikati "the man had left", apolisi anapeza pamalopo pali zii. Maso aimikidwa pa kufika kwa apolisi, kuchokako kuli kumbuyo kwake. Ife timati anapeza atachoka. M'kuyankhula kwachangu "had" ameneyu amangomveka ngati kampweya, ndipo wotanthauzira wa m'khoti akamumeza, munthu akhoza kupezeka ali pamalo pamene anali atachokapo kale.

Mukamvetsera nkhani za pa wailesi mumva mmene atolankhani amasunthira maso amenewa m'ziganizo ziwiri zotsatizana. Pa 8 Seputembala 2022 nyumba zoulutsira mawu za Chingerezi zinayamba ndi "has died" polengeza za Mfumukazi Elizabeth II, kenaka pofotokoza malo ndi nthawi, ku Balmoral masana a tsiku lomwelo, zinasamukira ku "died". Choyamba chikugogoda pakhomo panu ndi uthenga; chachiwiri chayamba kale kulemba mbiri. Pa fomu ya kuchipatala kusiyanaku kumasintha yankho la wodwala. "Have you been tested?" ikufunsa za moyo wanu mpaka lero: munayamba mwayezetsapo? "Were you tested?" ikufunsa za ulendo umodzi umene nonse mukuudziwa: tsiku lija munabwera lija, anakuyezani?

Chichewa si mlendo pa nkhani yoti zakale zikugwirabe kapena zinatha. "Kwabwera alendo" ndiye kuti ali pakhonde, pitani mukawalonjere ndipo nkhuku igwidwe. "Kunabwera alendo" ndiye kuti mwaphonyana nawo. Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America amene analemba A Grammar of Chichewa mu 1937 pomvetsera Chichewa cha wophunzira wina wa ku Kasungu amene anali ku University of Chicago, dzina lake Kamuzu Banda, anaona kale kuti nthawi zina zakale za Chichewa zimanena kuti zotsatira za chinthucho zikadalipo, pamene zina zimanena kuti zinafafanizika. Kusiyana kwake n'kwakuti ife mbali yaikulu ya ntchito yotere timaisenzetsa kamvekedwe ka mawu, kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo kalembedwe kathu ka masiku onse sikalemba zimenezo. Angerezi zawo zimaonekera papepala.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene mneni wa Chingerezi amaulula, chomwe tebulo la mabokosi 12 silitchula n'komwe. Amaulula ngati munthu ali moyo. "My grandmother has visited Zomba twice" munganene pokhapokha agogowo akadali ndi mpweya, chifukwa "has" akutanthauza kuti buku la maulendo awo likadali lotsegula, ulendo wachitatu ndi wotheka. Akangotisiya, chiganizocho chimasanduka "visited". Chimodzimodzi "My father is a tall man" ndi "My father was a tall man". Kutalika sikutha ngati njala. Wamtali amakhala wamtali mpaka kumanda. Choncho Mngerezi akamva "was" pamenepo safunsanso zambiri, amangoti pepani. Anamfedwa oyankhula Chingerezi amaudziwa ululu wa kamneni kameneka. Masabata oyamba lilime limapitirizabe kunena "is", munthu n'kumadzikonza yekha pakati pa chiganizo.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza m'chigawo chakumwera kwa Malawi. Phiri la Soche linakhuthulira matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi ina inakokoloka. Anthu mazanamazana anafa, ndipo mazana enanso sanapezeke. Patapita milungu ingapo, bungwe lina linatumiza anthu m'misasa ya opulumuka kukajambula mawu awo. Wina anamvetsera n'kutayipa zonse m'Chichewa, ndipo mapepalawo anafika kwa ine kuti ndiwaike m'Chingerezi, alowe mu lipoti lopita kwa othandiza akunja.

Mbali yaikulu ya ntchitoyo inali yolemera mumtima koma yosavuta m'galamala. Madzi anabwera, tinathawa, nyumba inagwa: "came", "ran", "fell". Kenaka ndinafika pa mawu a mayi wina amene mnyamata wawo anali m'gulu la osapezeka. Wofunsa anawapempha kuti amufotokoze mwanayo. Papepala panalembedwa kuti: "Amakonda mpira. Amabwera kunyumba dzuwa litalowa, miyendo ili mbuu."

Werengani mzere umenewo mokweza, muona kuti pakamwa panu payenera kusankha. Liwu likakwera pa a woyambayo, amakonda ndi wa masiku onse: mnyamatayo amakonda mpira lero, ndi mawa lomwe. Liwu likayambira pansi, amakonda ndi wakale, m'bale wake wa ndimati uja, wofanana ndi ankakonda. Zilembo ndi zomwezo. Mayiwo akadati ankakonda, nkhani ikadathera pomwepo. Koma anati amakonda, ndipo pepala la Chichewa linasunga zonse ziwiri mwakachetechete, osakakamiza aliyense kunena ngati mwanayo ali moyo kapena ayi. Chingerezi pamenepa chilibe pobisala. Ndinayenera kulemba "loves" kapena "loved", ndipo chilembo chimodzi chomalizacho, s kapena d, chinali chigamulo pa mwana wa eni ake.

Wina akadati patapita milungu yonseyo, matope atauma, yankho n'lodziwikiratu. Koma funso loti mnyamatayo ali kuti si la womasulira. Langa linali loti mayi ake anaima pati pamene ankayankhula. Ndinalembera a bungwe lija kupempha mawu ojambulidwawo. Anadabwa, chifukwa malipiro anga anali owerengera mawu a papepala, ndipo panapita masiku kuti fayiloyo ipezeke. Itafika ndinavala mahedifoni. Chakumbuyo kunkamveka ana akusewera ndi mapoto akugundana, mawu akuwomba makoma ngati m'kalasi yopanda madesiki. Mayiwo ankayankhula motsitsa, mosathamanga. Ndinabwereza kachigawoko maulendo ambiri, ngakhale khutu linali litamva kale paulendo woyamba. Liwu linakwera pa a. Pa amabwera linakweranso chimodzimodzi. Ndipo kutsogolo pang'ono, pamene wotayipa analemba kuti sanapezeke, mayiwo ananena mawu awiri amene iye anawadumpha: mpaka pano. Sanapezeke payekha akhoza kukhala "he was not found", kufufuza kunatha, makasu anabwerera kwa eni ake. Mpaka pano sanapezeke ndi "he has not been found", maso ali pa lero, chitseko sichinatsekedwe.

Ndinalemba kuti: "He loves football. He comes home after sunset, his legs grey with dust. He has not been found."

Lipotilo litadutsa m'manja mwa mkonzi, munthu wodziwa ntchito yake amene Chingerezi anayamwira kubere, linabwerera kwa ine kuti ndione ngati mayina a malo alembedwa bwino. Mkonziyo anali atachotsa zizindikiro za mawu a mwini n'kusandutsa maumboni onse kukhala ofotokozedwa, kuti lipoti lonse liziyankhula ndi liwu limodzi. Mzere uja tsopano unkati: "She said her son loved football and came home after sunset." Palibe mphunzitsi wa galamala amene angaupezere chifukwa. "Said" anakoka "loves" n'kumusandutsa "loved", monga momwe anachitira ndi njala ya mtsikana uja. Mwa lamulo, "loved" ameneyu sakunena kuti mwanayo anamwalira. Koma ndani angawerenge lipoti la namondwe, n'kupeza mayi akunena za mwana wosapezeka ndi mneni wakale, osamva maliro? Chizolowezi cha galamala chinawayankhulitsa mayiwo zimene iwo anakana kuyankhula ndi pakamwa pawo.

Ndinamulembera mkonziyo kalata yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira. Ndinafotokoza za a wokwera ndi a wotsika, n'kutumizanso kachigawo ka mawu ojambulidwa ka masekondi ochepa, ngakhale ndinkadziwa kuti khutu losazolowera Chichewa silingagwire kusiyanako. Anayankha mwaulemu kuti wamva, koma kalembedwe ka bungwe lawo kamafuna mawu ofotokozedwa, ndipo akasiya "loves" pambuyo pa "said" owerenga awo angaone ngati womasulira ndi wa Chingerezi chopereweza. Mfundo yachiwiriyi inandiwawa chifukwa inali yoona. "She said her son loves football" ndi Chingerezi chabwinobwino, koma chikachokera m'manja mwa Mmalawi, anthu amaona mwana wa sukulu uja woiwala kukokera mneni m'mbuyo. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: kuti mayiwa okha awasiyire zizindikiro zawo, ayankhule okha.

Makalata anayenda kangapo. Pomaliza anavomera kuika mawuwo m'kabokosi kapadera m'mbali mwa tsamba, pansi pa chithunzi cha mlatho wokokoloka. Lipotilo linatuluka patapita miyezi ingapo. Tsamba lonselo lili m'nthawi yakale, madzi anasefukira, misewu inaduka, mabanja anasamutsidwa, kupatula mizere itatu ya m'kabokosiko, imene ili ndi "loves", "comes" ndi "has not been found".